Njira Yokhota Pachitsa

Mng'ono wanga ndinayamba kumuchitira nsanje ndisanadziwe n'komwe kuti chimene chinkandiwotcha pamtimacho chili ndi dzina. Anadwala poliyo ali ndi zaka zinayi, miyendo yonse iwiri n'kufota, ndipo kuyambira pamenepo chabwino chilichonse panyumba pathu chinkayamba chadzera kwa iye. Dzira likapezeka linali lake. Bambo akaweruka ku ntchito ankafunsa za iye chipewa chili kumutu. Ine ndinali miyendo yake. Ndinkamubereka popita kusukulu, ndinkamubereka pobwera, kukwera ndi kutsika naye zitunda za kwathu kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kumene ngakhale mbuzi imayamba yapuma isanafike pamwamba. Anthu tikakumana nawo ankaima n'kunena kuti, “Koma mwanayu ndi wokongola bwanji!” Ankanena wa kumbuyoyo. Ine wonyamula sankandiona.

Musandimve molakwa, ndinkamukonda. Mwana wina atamutchula dzina lachipongwe kudambo ndinamugulula dzino, ndipo mpaka lero sindinapepese. Koma chikondi ndi nsanje zinkagona mphasa imodzi mumtima mwanga, ndipo nsanje ndiyo inkalawirira kudzuka.

Titakula tonse awiri tinakhazikika pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wochokera ku Mponela kupita ku Ntchisi. Iye a ku mishoni anamuphunzitsa kusoka, anamupatsa makina opukusa ndi dzanja, kenaka anamupatsanso njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, yabuluu, ya belu lake. Ine ndinapatsidwa mwamuna. Mwamunayo anapita kukalima fodya pa esiteti ina ku Kasungu n'kuiwala njira yobwerera, kundisiya ndi ana awiri ndi chiwaya chimodzi.

M'mbali mwa msewu pamsikapo munali mzere wa mitengo ya malaina, khumi ndi iwiri, kuyambira kumunsi kuchigayo mpaka kumtunda kufupi ndi kachipatala. Anaibzala ndi bambo athu nthawi imene ankagwira ntchito yokonza misewu, ndipo ankaithirira ndi chitini cha palafini ife tikuona. Mtengo wa kumtunda kwenikweni ndiwo unali waukulu kuposa yonse, ndipo unali wanga. Palibe anandipatsa, palibe pepala. Ndinangosesa pansi pake m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri mpaka anthu anazolowera. Pamenepo ndinkagulitsa zitumbuwa, nthochi ndi mtedza wokazinga. Basi ikafika inkaima pa mthunzi wanga chifukwa panalibe mthunzi wina wokwana basi yathunthu, ndiye otsika ndi okwera onse ankayamba aona lichero langa. Ana anga anavala ndi kupita kusukulu chifukwa cha mthunzi umenewo.

Mng'ono wanga anali ndi mtengo wakenso, wachinayi kuchokera kumtunda, pafupi ndi golosale. Ankaika tebulo la makina pamenepo, nsalu zosokedwa n'kuzipachika pa chingwe. Mtengo wake unali wonyozeka, wopendama. Ndikamayang'ana mitengo iwiriyo mtima unkakhala m'malo, chifukwa m'chinthu chimodzi chokhachi ndinkamuposa.

Kenaka kunabwera matipate.

Amene sanaone nthawi imeneyo sangamvetse mmene anthu anatsegukira pakamwa. Anthu amene kwa zaka zonse ankanong'ona ngakhale polankhula za mtengo wa sopo anayamba kukuwa pamsewu. Mawu oti ufulu ankalowa paliponse. Munthu ukamuuza kuti mbuzi yake yadya tomato wako ankakuyankha kuti ndi ufulu wa mbuzi. Malonda anasefukira. Anyamata anabwera ndi mabelo a kaunjika n'kuyala pansi pa mitengo, ena mabatire, ena mapoto, ena nsapato zosiyana miyendo. Matola anachuluka, timagalimoto tonyamula anthu kumbuyo pamodzi ndi matumba, ndipo onse ankaima pa mtengo wanga. Zaka zimenezo chiwaya changa sichinkazizira.

Koma kanjira kamene anthu ankayendamo pakati pa mitengo ndi masitolo kanatsekeka. Kanali kovuta kale chifukwa malaina ali ndi khalidwe loyendetsa mizu pamwamba pa nthaka, ndipo mvula ya kumapiri ikakokolola dothi mizuyo imatsala poyera, ina yotalika kufika m'bondo. Ife a miyendo tinkangoidumpha osaganiza. Mng'ono wanga ankadziwa muzu uliwonse, ankadziwa pozembera, koma pozemberapo tsopano panali patayalidwa mabulauzi. Anayamba kuyenda mumsewu weniweni, pamodzi ndi ngolo ndi magalimoto.

Tsiku lina nyengo yogulitsa fodya, lole yodzaza mabelo inatsetsereka kuchokera kumtunda ikuliza hutala. Iye pofuna kuthawa anakhotetsera kumbali, tayala lakutsogolo linagunda muzu, njinga inagubuduzika, iye n'kugwera mu ngalande chamutu. Ndinaona ndili pa chiwaya. Sindikumbukira mmene ndinafikira. Ndinamutola magazi ali chuchuchu pachipumi, ndinamuponya kumbuyo ngati kale tili ana, n'kuthamanga naye kuchipatala. Anamusoka chipumi. Ndinalira kuposa iye.

Ndiye kunayamba kubwera anthu odzazonda. Amayi a mvano anabwera ndi nyimbo, aphunzitsi anabwera, mwini chigayo anatumiza ufa. Ine ndinali pakhomo pake kuphikira alendowo tiyi, msana ukuwawa chifukwa mng'ono wanga sanalinso kamwana kopepuka. Mayi wina anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Kodi inu ndinu antchito awo?” Ndinayankha kuti inde, kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anthu anaseka, ankayesa nthabwala.

Inali nthawi ya makomiti. Chilichonse chinkafuna komiti, mjigo komiti, msika komiti, ndipo ankati mukhalenso amayi. Posankha komiti ya chitukuko ya pamsika pathu, anthu anakweza manja posankha mng'ono wanga, bandeji akadali pachipumi. Dzina langa palibe analitchula, chonsecho pamsikapo ndinayamba kukhalapo ndine. Iye sanachite manyazi, analankhula. Ananena kuti pamsika pakufunika kanjira ka anthu oyenda pansi, kosalala, koti njinga yake, amayi oyembekezera opita kusikelo, agogo a ndodo ndi wakhungu wina amene ankaimba bangwe pamsikapo azidutsa osalimbana ndi malole. Anthu a bungwe lina amene ankayenda pa galimoto yoyera anamva, anati simenti apereka, njerwa tiumbe tokha. Mmisiri atabwera ndi chingwe chake anati kanjirako sikangatheke mitengo ina isanachoke ndi mizu yomwe.

Pamenepo msika unagawika pakati. Mwini golosale, bambo wamimba amene ankakonda kukhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa patsogolo pa sitolo yake, anati aliyense wokhudza mitengoyo ayambe wadula iyeyo. Akalipentala anali atawerengera kale matabwa m'mitima mwawo, ndiye anali mbali ya chitukuko. Anyamata a kaunjika ankasintha mbali malinga ndi dzuwa, m'mawa kukuzizira ankati idulidwe, masana likaswa mtengo ankati isiyidwe. Ndale nazo zinalowa. Ukanena kuti mitengo ikhale, ankati ndiwe wa chipani chakale, ukufuna zakale zibwerere. Ukanena kuti idulidwe, ankati ndinu amene mukuyesa kuti ufulu ndi kuwononga. Amuna awiri anagwirana m'makosi kubawo pa nkhani ya mtengo umene onse awiri sanakhalepo pansi pake.

Ine ndinalibe chipani. Ndinali ndi mtengo umodzi ndi mng'ono mmodzi amene dzina lake linali pakamwa pa aliyense. Lachitatu lina madzulo, akulongedza nsalu zake, ndinapita kukaima patsogolo pa tebulo lake manja ali m'chiuno.

“Ndiye wafika poti udule mitengo ya bambo chifukwa cha njinga yakoyo?”

“Achemwali,” iye anatero, “si yonse ayi. Mubwere ku msonkhano Lachisanu mudzamve nokha. Mudzalankhulenso.”

“Ndibwere ndidzakuombere m'manja? Okuombera m'manja achepa?”

“Achemwali, khalani pansi ndikuuzeni mmene ndikuganizira.”

“Ndakunyamula moyo wanga wonse, lero ukufuna undikhazike padzuwa. Zikomo kwambiri, amayi a komiti.”

Ndinachoka akundiitana. Lachinayi sindinamupatse moni. Lachisanu, tsiku la msonkhano, ndinavala nsapato zanga n'kukwera matola kupita kumudzi kwa azakhali athu kufupi ndi phiri la Ntchisi kukapikula nthochi, ngakhale nthochi ndinali nazo zokwana sabata yathunthu. Ndinagona komweko. Ndinkafuna kuti akayang'ana pa gulu aone kuti mkulu wake palibe.

Ndinabwerako Loweruka dzuwa litapendeka. Nditangotsika ndi mikoko yanga ya nthochi, ndinaona zoyera mbuu m'mbali mwa msewu. Mitengo isanu ndi umodzi inali itapakidwa laimu kuchokera pansi kufika m'chiuno. Wa mwini golosale unali woyera. Wa mng'ono wanga, wopendama uja, unali woyera. Wanga unali wakuda bii, mmene ndinausiyira.

Apa ndiyenera kufotokoza za laimu, chifukwa ana a masiku ano sangadziwe. Ife tinakula m'nthawi imene laimu pa mtengo anali ulemu. Kukamabwera akuluakulu a boma kudzayendera mbewu m'minda, kutatsala sabata anthu ankatumidwa kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu ndi mitengo imene alendowo adzaione. Mtengo wopakidwa laimu unali mtengo wa boma. Sunkayerekeza kuthyolako nthambi, sunkamangirirapo mbuzi, mwana akafuna kutaya madzi pamenepo ankalandira khofi. Mitengo yokhota ndi yonyansa ndiyo inkasiyidwa yakuda, ndipo nthawi zina inkadulidwa kuti isachititse manyazi. Bambo athu omwe ankapaka laimu ameneyo, ine ndikuwagwirira ndowa. Ndiye palibe amene akanandiuza tanthauzo la mtengo woyera. Ndinkalidziwa ndi manja anga.

Ndinaima pamenepo magazi akuwira. Ndinati, ohoo, ndi mmene zathera. Apulumutsa ya anthu olemera ndi ya a komiti, kamtengo kake kopendamako akaveka zoyera ngati mkwatibwi, wanga wopatsa mthunzi msika wonse aupereka ku nkhwangwa. Mayi wina amene ankagulitsa tomato pafupi nane anabwera akumanga chitenje.

“Mwabwerako? Mwaphonya zinthu dzulo. Mng'ono wanu uja ndiye analankhula, anthu mpaka…”

“Ndaona ndi maso angawa,” ndinamudula. “Musandiuze.”

“Koma ndimati mumve za mtengo wanuwu.”

“Ndati ndaona. Mukufuna ndilire pamaso panu kuti mukasimbe?”

Anatukula mapewa n'kubwerera ku tomato wake. Ndikanangomusiya kuti amalize mawu ake, nkhani ino sikanakhalapo.

Lamulungu m'mawa ndinatumiza ana kutchalitchi, ine n'kunena kuti mutu ukundiwawa. Masiku amenewo Lamulungu pamsika pankakhala zii mpaka mapemphero atatha, ngakhale anyamata a kaunjika ankayala masana. Ndinadziwa kumene a komiti ankasunga zipangizo, kuseri kwa chigayo pansi pa malata akale. Ndowa ya laimu inali pomwepo, yotsala theka, yowuma pamwamba. Ndinathiramo madzi, ndinatakasa ndi mtengo, ndinainyamula mpaka kumtunda. Burashi panalibe. Ndinayamba ndi chitsatsa cha tsache, koma makungwa a mtengo wanga anali okakala, laimu sankalowa m'ming'alu. Ndinataya tsache n'kuyamba kupaka ndi manja.

Nyimbo za kutchalitchi zinkamveka kutsidya kwa dambo, ine ndili kalikiliki kuzungulira mtengo. Nditafika m'chiuno, pamene inalekezera mitengo inayo, ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Ndinayang'ananso wa mng'ono wanga. Ndinati ayi, wangawu sungafanane ndi kameneko. Ndinapitiriza kufika pachifuwa, kufika m'mapewa, mpaka pamene dzanja langa linalekezera nditaimira zala. Ndinabwerezanso kachiwiri kuti uwale. Utauma unkaoneka kuchokera kuchigayo, ndipo ndinasangalala kwambiri, sindinama.

Ndinabweza ndowa. Laimu ndi woipa pakhungu. Pofika madzulo zikhato zinali zitasuwa, m'mphepete mwa zikhadabo mutang'ambika, ndipo zoyera zinakanirira m'ming'alumo ngakhale ndinakwecha ndi mwala. Masana amenewo anthu ochepa amene anadutsa anayang'ana mtengowo n'kuyang'anana, koma ine ndinali m'nyumba ndi mutu wanga wonamizira uja, ndiye palibe anandifunsa.

Lolemba ndinalawirira. Ndinasesa, ndinakoleza moto, ndinakhala pansi pa mtengo wanga woyera ngati mkazi wa bwana. Posakhalitsa kunafika amuna asanu ocheka matabwa ochokera kumapiri, atanyamula nkhwangwa, zingwe ndi sowo yaitali yokoka anthu awiri. Anali alendo pamsikapo. Wamkulu wawo, kapitawo wa ndevu za imvi, anayenda mzere wonse akugogoda mitengo ndi chikhato. Ndinkayembekeza kuti aima pa mtengo wakuda. Anaima pa woyera wa kumunsi kwenikweni, analavulira m'manja, nkhwangwa n'kuyamba kulira.

Ndinaganiza kuti asokoneza, ndipo ndinaseka. Ndinauza mayi wa tomato uja kuti taonani alendowa, ayamba ndi mtengo wa boma.

Anandiyang'ana modabwa. “Asokoneza chiyani? Yoyerayo ndiye yodula. Penti wofiira anasowa m'sitolo, ndiye anangoti tipake laimu wotsala kusukulu.” Anakweza maso kuyang'ana pamwamba pa mutu wanga. “Nanga wanuwu aupaka liti? Paja mng'ono wanu anaukanira Lachisanu. Mmisiri ankati ndiye woyamba kuchoka chifukwa mizu yake ndi yaikulu. Iye anati ayi, pamenepo pamadya ana a achemwali anga, njira ikhote. Anati ngati mukufuna mtengo wina dulani wanga. Anakangana nawo mpaka dzuwa kulowa. Simukuona zikhomozo?”

Ndinayang'ana pansi. Zikhomo za mmisiri zinalipodi, timitengo tosongoka tokhomedwa m'dothi, tobwera mowongoka kuchokera kumunsi, tikafika pa mtengo wanga n'kupatuka kuuzungulira. Dzulo lake ndinali nditapunthwa pa chimodzi ndili ndi ndowa m'manja, ndipo ndinachitukwana.

Manja anga analowa okha pansi pa chitenje.

Mitengo inagwa umodziumodzi. Pofika masana kapitawo anabwera kumtunda ndi anthu ake, khamu la anthu likuwatsatira. Anandipempha mwaulemu kuti ndisunthe chiwaya. Kenaka ndinamva belu la njinga, ngiringiri, ndipo anthu anapatuka. Mng'ono wanga anali atapalasa chitunda chonsecho mothamanga, thukuta lili kamukamu, chipsera cha pachipumi chikunyezimira.

“Bambo, uwu ayi,” anauza kapitawo. “Uwu tinagwirizana kuti utsale. Yodula ndi isanu ndi umodzi.”

“Mayi, ine sanandipatse nambala,” kapitawo anayankha. “Apampando anu anati woyera uliwonse ugwe. Uwu ndi woyera kuposa yonse.”

“Apampando ali kumaliro ku Madisi, abwera mawa. Dikirani mawa.”

“Mawa tili ndi ntchito kwina.”

Mwini golosale anali pomwepo. Mtengo wake anali asanaukhudze chifukwa anali ataukhalira ndi mpando wake kuyambira m'mawa. Anabwera akupukusa mimba.

“Ine ndinanena Lachisanu kuti pali kukondera,” anakuwa. “Mtengo wa mkulu wake wa a komiti utsale, wanga ugwe. A komiti anzake aona okha kuti n'zochititsa manyazi, abwera aupaka. Mukausiya uwu, wanganso simuukhudza, ndipo kanjira kanuko mukamange kumwamba.”

Anthu anayamba phokoso, ena uku ena uku. Kapitawo anakweza dzanja. Anali munthu wofatsa, sankafuna milandu ya eni ake.

“Tamverani. Ngati anapaka ndi a komiti, ugwa. Ngati pali munthu wina anapaka yekha, kaya mwamasewera kaya mosadziwa, anene pano. Akanena, ife tiusiya, bambo awa asunthe mpando, timalize ntchito. Munthu anene basi.”

Zinali zophweka chomwecho. Ndikanangotulutsa manja n'kunena kuti ndine, mtengo wa bambo ukanakhalapo mpaka lero. Koma ndinaona mmene zikanakhalira. Akanafunsa kuti munapakiranji, ndipo yankho lake msika wonse ukanalidziwa ndisanatsegule pakamwa. Mayi wamkulu, wa ana awiri, kuba laimu anthu ali kutchalitchi chifukwa cholakalaka zimene wapakidwa mng'ono wake wolumala. Akanandiimba nyimbo pamtondo. Ndipo iye akanakhala pa njinga yake pakati pa anthu, wabwino, woleza mtima, wondikhululukira pamaso pa onse. Kukhululukidwa kumeneko ndi kumene sindikanatha kukupirira.

Mng'ono wanga anandiyang'ana. Mphepo inali itakankha chitenje, dzanja langa lamanja linali poyera, losuwa, zikhadabo zoyera. Analiona. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana mtengo, anandiyang'ananso kumaso.

“Achemwali,” anatero motsitsa mawu, “mwina inu munaonapo kanthu dzulo.”

Anali atanditsegulira khomo. Ndikanatha kunena kuti ndinamva molakwa, ndinayesa ndikuthandiza a komiti. Ine ndinati, “Ndione chiyani ine? Dzulo ndimadwala. Za mitengo mukudziwa ndinu a komiti.”

Anatsitsa mutu kanthawi. Kenaka anatembenuza njinga kuyang'ana kapitawo.

“Ndinapaka ndine, bambo. Ndinasokoneza powerenga. Ndikupepesa, usiyeni.”

Mwini golosale anaseka mpaka kugwira mawondo. Anapita pa mtengo, anaimira zala, n'kuloza pamene laimu analekezera, pamwamba pa mutu wake.

“Inu mayi? Munafika apa? Munakwera pa chiyani, njingayo ili ndi makwerero?”

Anthu anaseka, ngakhale amene anali mbali yake. Ankaseka iye, miyendo yake, bodza lake losakwanira. Ine amene ndinagulula dzino la mwana wa eni chifukwa cha dzina limodzi lachipongwe ndinaima pomwepo, manja pansi pa chitenje. Ndikanalekeza laimu m'chiuno ngati mitengo inayo, bodza lakelo likanagwira. Ndipo ndinene zoona zonse, popeza ndayamba. Pa nthawi imeneyo, anthu akumuseka chifukwa cha ine, chimene ndinamva choyamba sichinali chisoni. Ndinamva nsanje. Ndinati ngakhale mtima wabwino anapatsidwa iyeyu.

Kapitawo anapukusa mutu. “Mayi, mwayesetsa. Koma apa palibe wanena.” Anadikirabe pang'ono, akuyang'ana anthu mmodzimmodzi. Kenaka anauza anyamata ake kuti amange zingwe.

Unawatengera nthawi yaitali kuposa yonse. Anayamba ndi nkhwangwa, zipalapala zoyera zikuulukira pa lichero langa, kenaka sowo. Mng'ono wanga sanachoke. Anakhala pa njinga yake padzuwa mpaka mtengo unalira, unapendama, n'kugwa chopingasa msewu, fumbi kobo. Kumwamba kunatseguka pamalo pamene sindinaonepo thambo kuyambira ndili mwana. Zitatero mwini golosale ananyamula mpando wake yekha, wakenso unagwa, ndipo wa mng'ono wanga unali womaliza.

Madzulo a tsiku limenelo ndinamva belu pakhomo. Sindinatuluke. Mwana wanga wamkazi analowa ndi kabotolo ka mafuta odzola, akuti amayi aang'ono ati mupake m'manja musanagone, laimu amadya khungu. Ndinauza mwanayo kuti ndinapsa ndi chiwaya.

Apampando atabwera anakwiya, anafunsa, koma mtengo wogwa sufunsidwa mlandu nthawi yaitali, ndipo panali njerwa zoti ziumbidwe. Mizu ya mitengo inayo anaikumba. Chitsa changa anachisiya chifukwa sichinali m'njira. Amisiri anatsatira zikhomo mmene anazipezera, palibe anawauza kuti zisinthe. Kanjirako kanamangidwa kowongoka kuchokera kuchigayo, kosalala, mpaka kumtunda, pamene kamapatuka n'kuzungulira chitsa, kenaka n'kuwongokanso kupita kuchipatala. Amayi a pakati ankayendamo, wa bangwe uja ankayendamo akugogoda njerwa ndi ndodo yake. Kanali kanjira kabwino, zimenezo sindingakane.

Matola anasiya kuima kumtunda. Anasamukira kumunsi kumene kunatsala mitengo, ndipo kumeneko malo anali ndi eni ake kale. Ine ndinazika timitengo tinayi pafupi ndi chitsa n'kufolera ndi masaka a feteleza. Zitumbuwa zinkagona. Chaka chotsatira mwana wanga wamkulu ndinamutumiza kwa azakhali kumudzi chifukwa pakhomo panali patachepa. Mng'ono wanga anasamutsira makina ake pakhonde la munthu wina, pamalo opanikizika pamene njinga yake inkatsala panja ikunyowa ndi mvula. Yunifolomu ya mwana wanga wamng'ono ankasoka ndi iye, osandifunsa.

M'mawa uliwonse ankadutsa pa kanjirako. Njinga yopalasa ndi manja sikonda kukhota, makamaka pokwera. Akafika pachitsa ankayenera kuchepetsa liwiro, kukoka chiwongolero ndi mphamvu, mitsempha ya m'khosi ikuoneka, kenaka n'kuyambanso kupalasa chitunda popanda liwiro lililonse. Pamenepo ndi pamene ankandipatsa moni. “Mwadzuka bwanji, achemwali?” Ine ndinkayankha ndikuyang'ana m'chiwaya. Za laimu sanatchulepo, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale titakangana pa zinthu zina.

Patapita zaka, mapewa ake atayamba kuvuta, tsiku lina ndinamuona akulimbana ndi pokhotapo, tayala limodzi litatsika pa njerwa. Ndinadzuka n'kukamukankha. Ndili kumbuyo kwake, pamene sakanandiona kumaso, ndinati, “Bwanji osawauza a komiti awongole pamenepa? Mtengo palibe. Ukungovutika chabe.”

Sanatembenuke. Anati, “Ndinapempha ndekha kuti ikhote, achemwali. Panali pa inu, ndipo inu mukadali pomwepa.”

Ndinamukankha mpaka pamwamba pa chitunda, ngakhale panali posafunikanso kukankha. Mawu anali pakhosi, awiri okha, oti ndinapaka ndine. Tinafika pachipatala, iye anati zikomo, ine ndinati zitumbuwa zipserera, n'kubwerera.

Anamwalira mvula ya chaka chachiwiri kuchokera pamenepo. Njinga yake tinapatsa mtsikana wina wa kutsidya kwa dambo, amene sadziwa chilichonse cha nkhaniyi. Amadutsa m'mawa, ndipo akafika pachitsa ndimamumva akudandaula yekha kuti kaya ndani anakhotetsa njira pamalo opanda kanthu.